Chipo Asankha Detabesi

Chipo anadana nayo sipuredishiti Eugene atangonena kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Eugene anali mnyamata wa ku Kalingalinga wophunzira za makompyuta, wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Amayi ake a Chipo, ba Mainess, anamuitanira ku shopu yawo yosokera zovala ku Mtendere chifukwa miyeso ya makasitomala inali itawakwana: ina inalembedwa pa makatoni, ina pakhoma, ina inali m'mutu mwawo. Kichini pate, phwando la azimayi lokonzekeretsa mkwatibwi, ikayandikira, azimayi a komiti ankafuna madiresi a chitenge chofanana onse pakamodzi, ndipo kufunafuna chiuno cha munthu mmodzi kunkadya m'mawa wonse.

Chipo anali atalemba mayeso a giredi 12, akudikira zotsatira, koma kudikira sinali mphatso yake. Chichokereni tsiku limene Eugene anamusunthira malo m'minibasi, iye anali atasankha kale makatani a nyumba yawo yam'tsogolo. Vuto linali lakuti mnyamatayo sakanaponda pakhomo pa ba Mainess popanda chifukwa chomveka. Ntchito ikatha lero, chifukwa chathanso, ndipo amanyazi otere sabwerera okha.

Eugene anatsegula laputopu pa tebulo lodulira nsalu, pakati pa zigamba.

"Njira zilipo ziwiri, mami," anatero kwa ba Mainess. "Sipuredishiti ili monga tebulo imodzi ikulu: dzina, chifuwa, chiuno, utali. Mukafuna munthu, mulemba dzina, waonekera. Iyo nisiliza lero."

"Nanga inayo?" anafunsa Chipo msangamsanga.

"Detabesi ni matebulo ambiri omangana. Ya anthu payokha, ya miyeso payokha, ya maoda payokha, ndiye muifunsa vilivonse. Koma iyo nifunika kubwerabwera, kapena mwezi wathunthu."

Mwezi wathunthu! Chipo anamva ngati kwaya yayamba kuimba m'chifuwa mwake.

"Shopu yathu ni ing'ono," anatero ba Mainess, phini ili pakamwa.

"Zoona, mami. Sipuredishiti ikwana."

Chipo anamuyang'ana ndi diso loti likanadula chitenge popanda sizasi. Munthu angakhale woona mtima mpaka kudzichotsa yekha pakhomo? Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi laputopu.

"Ba Eugene, tiyeseko. Lembani Amake Clive."

Eugene analemba.

"Manje lembani Bana Karen. Pansi pake ba Nsama. Ni anthu angati?"

"Atatu."

"Ni mzimayi mmodzi! Ku chechi ni Amake Clive. Kwa apongozi awo, poti ni Abemba, ni Bana Karen. Ku maliketi ni ba Nsama. Wobweretsa nsalu amatchula dzina lamene adziwa iye. Chaka chatha tinawasokera madiresi awiri pa kichini pate imodzi."

"Ina inawathina," anatero ba Mainess akuseka. "Muyeso unali wakale, asanabale kamwana kothera."

"Mwamva?" anatero Chipo. "Ndipo makasitomala athu onse ali chomwecho. Mzimayi wa dzina limodzi ku Mtendere kulibe."

Nkhope ya Eugene inawala, manyazi onse anathawa. Anayamba kujambula timabokosi m'malere ndi chala. Mu detabesi, iye anati, munthu aliyense alandira nambala yake, mayina ake onse n'kupachikidwa pa nambalayo, miyeso n'kumalowa ndi tsiku lake, yatsopano pamwamba. Mukafunsa za Bana Karen, ikuyankhani za Amake Clive. Chipo sankamva zonse. Ankangoona mmene nsidze za mnyamatayo zinkakwerera akasangalala.

Kenako Eugene anaima kaye, n'kukanda m'mutu.

"Koma kunena zoona, na mu sipuredishiti tingaike chabe danga lina la mayina ena, ndiye..."

Chipo anamuponda phazi pansi pa tebulo. Anaponda ndi mtima wonse, moti Eugene analumpha, bondo n'kugunda tebulo, choko cholembera nsalu n'kugwera pansi.

Ba Mainess anayang'ana chokocho, n'kuyang'ana mwana wawo, amene tsopano ankaŵerenga malata a denga. Mayiwo anapondereza mashini, n'kusoka mpendero wonse wa siketi mpaka kumapeto, pang'onopang'ono. Atadula ulusi ndi mano, anachotsa magalasi.

"Wati mwezi, Eugene?"

"Ee, mami."

"Panga yamene ija ya mwezi. Koma uzinkhala pa tebulo apa pamene nikuona, osati kuseri kwa makatani. Iwe Chipo, poti mayina a anthu uwadziwa maningi, uzimuuza. Mpando wako ni uwo wa kutsidya, mapazi uziwasunga kwako."

"Amayi!"

"Nakamba chani choipa?"

Eugene, akusisita bondo, anayesanso. "Koma mami, nisakunamizeni, sipuredishiti inali..."

"Mwana wanga," anatero ba Mainess mofatsa, akulowetsa nsalu ina pansi pa singano, "sukulu unaphunzira bwino. Manje khala zii, ubwere mawa."