Masamba Oyera m'Buku la Saraí

Azimayi anali atayamba kale kufufuta pamene Doña Nubia analowa ndi katoni yawo ya mabuku. Chaka chikamatha, ife a mpingo wa kuno ku Pereira amene timaphunzitsa ana athu kunyumba timakumana kuti tifufute mayankho a pensulo m'mabuku, kuti buku limene mwana wako wamaliza likathandize wa mnzako. Ntchito yake ndi yotopetsa, koma khofi ndi timiseche zimaipeputsa.

Doña Nubia ndi amene anayambitsa gululi, ndipo tinkawakonda ndithu, ngakhale ankakonda kutiwerengera zolakwa. Ana awo ankadzuka faifi koloko n'kuloweza vesi asanalawe arepa, timikate tathu ta chimanga. Amene ankazimva kwambiri anali Marleny, mayi wa ana anayi, yemwe sukulu yake inkayamba teni koloko pakati pa mbale zosatsuka. Pa msonkhano wina Doña Nubia anapemphera mokweza kuti Ambuye achotse mzimu waulesi m'nyumba zina. Dzina sanatchule, koma aliyense anatsinzina diso limodzi lokha, linalo lili pa Marleny.

Tsikulo amuna a Doña Nubia ndi amene analongedza katoni ija mothamanga, n'kuponyamo buku limene silinayenera kutuluka m'nyumba. Linali la masamu, la mwana wawo Saraí wa zaka khumi ndi chimodzi. Mwa anthu onse, linagwera m'manja mwa Marleny.

Doña Nubia anazindikira chikuto chake nthawi yomweyo. Ankadziwa kuti mayankho amathera pa tsamba 40, pamene payambira masamu ogawa manambala aatali. Kuyambira mu Juni mwanayo sanasunthe, chifukwa mayi akewo masamuwo sankawadziwa. Kufunsa kunkawachititsa manyazi. Akadziwika, ndani angamverenso malangizo awo?

Marleny anafika pa tsamba 41, n'kuona pepala loyera. Anatsegula lina, loyeranso. Sanadzutse mutu. Anangopitiriza kukhula labala pamalo opanda kanthu, kuuzira tinyenyeswa, n'kumatsegula masamba ngati pali ntchito yaikulu.

"Achemwali, mwana wanuyu amalemba mokanikiza," anatero. "Dzanja langa latsala pang'ono kuthyoka."

Akanawayalutsa, mwina Doña Nubia akanapeza vesi lodzitetezera. Koma chifundo cha munthu amene anamunyoza m'pemphero chinawalasa. Anayang'ana dzanjalo likufufuta masamba ena atatu, mpaka analephera kupirira.

"Siya, Marleny. Ukungotha labala pachabe."

Anatenga bukulo, kulitsegula pakati pa tebulo kuti aliyense aone. Ananena zonse: kuti iwo sukulu anailekeza ali aang'ono, kuti Saraí amalira akaona bukuli, ndiponso kuti miyezi yonseyi akhala akumuuza mwanayo kuti alibe khama.

"Ndinalolera kuti mwana adziyese mbuli, bola ine ndioneke wodziwa," anatero.

Tinawamvera chisoni, ndipo kunena zoona, ambiri tinakumbukira mabuku athu amene tinawasiya dala kunyumba.

Marleny anapukuta tinyenyeswa pa siketi yake. "Ndiye mumadzutsa mwana faifi koloko kuti muzikaliyang'anitsitsa bukuli awiriwiri?"

Oyamba kuseka anali Doña Nubia eni ake, misozi ili m'masaya. Marleny anawakumbutsa kuti asanakwatiwe anagulitsa nsalu zaka zambiri, moti kugawa manambala kwa iye kunali ngati kusenda nthochi. Anati Saraí abwere Lolemba, koma asamugogodere m'bandakucha, ndipo aliyense wofuna kudandaula za mbale ayambe wazitsuka.

Lolemba Doña Nubia anamuperekeza mwanayo, koma sanabwerere pakhomo. Anasuntha zidole pampando n'kukhala pambali pa Saraí. Marleny anafotokoza samu yoyamba kawiri, kenako anafunsa ngati alipo amene sanamve. Saraí anayang'ana pansi monga anazolowera. Dzanja limene linakwera linali la mayi ake.