Polishi Wofiira wa a Blasius

Pa shedi ya a Raymond ku Balaka panali otsuka galimoto asanu, koma wodziwa penti anali mmodzi yekha, Ophelia. Anzakewo ankangokhuthula madzi n'kumakhula ndi malaya akutha, basi ntchito yatha. Iye ankayamba wayendetsa chikhatho pa galimoto ngati mayi woyesa mwana kutentha thupi. Anali atagwira pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ana ake awiri ankadyera pa shedi yomweyo, kwina kunalibe.

Lachiwiri lina m'mawa kunafika a Blasius, mng'ono wa a Raymond, ogulitsa galimoto zakale, ndi kagalimoto kofiira kopserera ndi dzuwa. Anatulutsa chitini cha polishi wofiira, uja wopaka pasimenti m'nyumba, n'kuchikhazika pa boneti. Anauza Ophelia kuti apake paliponse, makamaka chitseko chakumanzere, chifukwa wogula afika masana. Wogulayo anali a Twaha, mphunzitsi wopuma wa kwa Nsamala, amene penshoni yawo inali itangotuluka kumene.

Ophelia njira imeneyi ankaidziwa. Saidziwa ndani? Polishi wapansi amabisa chilichonse kwa masiku atatu. Kenako dzuwa la ku Balaka, lomwe silimvera munthu chisoni, limamusungunula, fumbi n'kukakamira, mvula yoyamba n'kutsitsa mizere yofiira mpaka m'matayala. Anagogoda chitseko chija ndi chala. Sichinalire ngati chitsulo. Kunsi kwa penti kunali zomatamata zokhazokha, dzimbiri litadya kalekale.

A Blasius atapita kumsika, iye anakankhira galimoto pamthunzi, pakuti penti yotentha saipaka kanthu. Anaitsuka ndi sopo wa galimoto, osati wochapira zovala, kuyambira padenga kutsika m'munsi, ndowa ziwiri, inayo yotsukuluziramo nsanza kuti mchenga usakande. Itauma anatenga kompaundi, phala lokhakhala lija lochotsa penti yakufa, n'kumapaka mozungulira kachigawo kamodzi, kupukuta, kenako kena. Boneti inafiira ngati tomato wa pa Phalula. Anamalizira ndi wakisi wopyapyala woteteza ku dzuwa. Chitseko chakumanzere anangochitsuka basi, ndipo pakati pa kuwala konseko chinaonekera poyera, chotuwa ndi chotupatupa.

A Blasius pobwera anapeza chitini chawo chili pansi, chosatsegula. Anapsa mtima. Anafunsa ngati galimotoyo ndi ya bambo ake, anafunsanso kuti mkazi anayamba liti kuphunzitsa amuna za galimoto, mkazi amene anangomutola pamsewu. Anthu otere akasowa chonena amathamangira kumeneko. Kenako anaitana achimwene awo.

A Raymond sanali munthu woipa, koma anali wamantha, ndipo nthawi zina mantha amaposa kuipa. Analankhula motsitsa, maso ali pansi. Anati nkhani ya chitseko chimodzi isagawanitse anthu, apake basi, apo ayi shedi ino ili ndi eni ake.

“Iyayi, abwana,” anatero Ophelia. “Ine ndimapukuta penti. Kunamiza nkhalamba sindinaphunzire.”

Ankaopa, tisanamizane, ankaopa zedi.

A Blasius anatsegula okha chitini chija n'kuyamba kupaka mwaphuma, thukuta lili kamukamu. Anamaliza kutatsala pang'ono kuti a Twaha atsike pa kabaza, atavala jekete pa dzuwa lonselo, chikwama atachipana m'khwapa. Mkuluyo anaizungulira galimoto akumwetulira ngati mwana. Anati moyo wawo wonse akhala akukwera za eni, ndipo mayi akunyumba akudikira kuti akawatengere kuchipatala ku Machinga pa galimoto yawoyawo.

Ophelia akanatha kukhala chete. Dzanja lake silinakhudze chitinicho, mlandu sukanakhala wake. Anayesadi kutembenukira ku ndowa zake, koma anangopezeka wayandikira a Twaha.

“Bambo,” anatero, “tagogodani apa pa boneti. Tsopano gogodani chitsekochi.”

A Twaha anagogoda. Boneti inalira, chitseko chinangoti phu. Anayang'ana chala chawo, chinali chofiira. Anachipukuta ndi mpango mosafulumira, anamuyang'ana Ophelia nthawi yaitali, n'kuitananso kabaza uja asanapite patali.

A Raymond sanachite kubwereza mawu awo, ntchito inali yathera pomwepo. Ophelia anatola nsanza zake, kompaundi ndi wakisi, zomwe ankagula yekha, n'kuziponya mu ndowa. Anzake anayi aja anali kalikiliki kutsuka matayala otsukatsuka kale, palibe anadzutsa mutu. Zimenezo zinamupweteka kuposa mwano wa a Blasius.

Sankadziwa chokawauza ana. Anawoloka msewu, n'kukhazika ndowa pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi shedi, pomwe a Raymond azimuona tsiku lililonse. Galimoto yoyamba anaikwezera dzanja kuti aipukute, inadutsa osaima. Anapukuta fumbi kumaso, n'kukwezeranso yachiwiri.