Mawaya a Millicent

Ine zinthuzo ndinaziona ndi maso angawa. Ndimasesa m'chipinda cha Millicent, mwana wanga wachisamba amene amaphunzira ku yunivesite ku Lusaka, ndiye pansi pa bedi ndikupeza mawaya awiri opotanapotana ngati matumbo a nkhuku, atatungidwa mikanda yofiira. Mayo ine! Tsache linagwa lokha.

Mudziwe kuti sabata yomweyo mtsikanayu anapita kwa a Lazaro, oyandikana nafe kuno ku Kasenengwa, kukapempha nshawa zawo zochita chuku, n'kutapanso dothi la m'munda mwawo m'kabotolo. Dothi la eni ake, dzuwa likuswa mtengo! Chaka chino nshawa zathu zinauma bwino, zawo zinaola. Za mawayazo ndinangonong'oneza mlamu wanga Fainess yekha, koma Fainess pakamwa pake mpopanda chitseko. Pofika Loweruka, pachitsime ponse nkhani inali yoti mwana wanga ali ndi mfumba, mankhwala okokera zokolola za anzako.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, a Lazaro anafika pakhomo ndi gulu. Millicent anatulutsa mawayawo yekha, akuseka, wopanda ndi mantha omwe. Kusaopako n'kumene kunandiopsa ine.

"Ndi za mayeso izi, bambo," anatero. "M'kati mwa tizilombo totchedwa bakiteriya ndi mwa chuku muli timakina topanga mapuloteni, maraibozomu. Msana wake ndi ulusi wa RNA wopindikapindika, wosaoneka ndi maso, ndiye ndaukulitsa ndi waya. Uwu ngwa bakiteriya, uwu ngwa chuku. Onani, wa chuku uli ndi timphanda towonjezera. Pali mikandapa pali kamphako. Mankhwala ena amalowamo mwa bakiteriya n'kuimitsa makina, koma mwa chuku sakwanamo bwino, kamphako kake kanaumbika mosiyana."

"Nanga dothi langa?"

"Ndikapima chuku chake ku labu, chipinda chopimira cha ku yunivesite."

A Lazaro anatsonya. "Chizungu chokhachokha. Ngati n'za sukulu, amakowo azilandire ndi manja awo, aziike pachifuwa. Tikaona zimenezo tibwerera, dzina lako layera."

Millicent anatembenukira kwa ine akumwetulira, n'kutambasula manja. "Landirani, amama."

Abale, mwanayu ndimam'konda, asakunamizeni munthu. Koma mikandayo inkangondiyang'ana. Bwanji anazibisa pansi pa bedi? Bwanji mikanda yofiira? Ku Lusaka kuli anthu amitundumitundu, ndani akudziwa anam'patsa chiyani? Ndinauza manja anga kuti tulukani m'chitenjemo. Anakana.

Kumwetulira kwa Millicent kunazima pang'onopang'ono. A Lazaro sanayang'anenso mawayawo, ankangoyang'ana ine.

"Musavutike, amama," anatero motsitsa mawu.

Anafungatira mawaya ake n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinamva akukoka chikwama chake pansi pa bedi.