Tsiku Limene Makina Ochapira Anayenda

Makina athu ochapira, otsegulira kutsogolo aja, akafika pofinya zovala ankanjenjemera mpaka makapu kugwedezeka m'kabati. Alamu anga atasuzumira kumbuyo kwake anati, "Mabawuti awa ndi ongogwirira mgolo wam'kati ponyamula. Achotseni, apo ayi makinawa adzayenda."

Amuna anga, odziwa zonse aja, anangoseka. Anapinda katoni n'kuika pansi pa mwendo umodzi, nkhani yatha.

Lero ndinaikamo mabulangete n'kutseka chitseko cha bafa momwe muli makinawo. Kunamveka kugunda, kenako kukhwekhwereza pasimenti, kenako mpope wamadzi kuthyoka.

Ndikukankha chitseko koma sichikutseguka, makina achitsamira m'katimo. Madzi akutulukira pansi pa chitsekocho, akutsata waya wamagetsi amene amuna anga analumikiza ndi tepi. Ine ndaima pomwepo, wopanda nsapato.