Chikhomo Chofiira cha Kampani

Amake Mapasa, wapampando wa alimi a kudimba, anafika kukhoti ndi bulangete m'thumba, podziwa kuti mwina sabwerera kunyumba. Kampani ya mgodi inkawaimba mlandu wowononga katundu, ati anatsogolera anthu kukazula zikhomo za malire ake. Katundu wake utiyo? Kachitsulo kopaka penti yofiira, koti ngakhale mbuzi sungamangirepo!

Pakhonde, loya wa kampani anawatengera pambali. "Mayi, mungopepesa pamaso pa woweruza, mulonjeze kuti misonkhano yanu ya alimi ija yatha. Mlandu uthera pomwepo, mukagona kwanu."

"Ndipepese ine? Munandiona ndikukumba kuseri kwa nyumba yanu?"

Mantha anali nawo, tisanamizane. Ankaganiza za adzukulu amasiye amene ankawalera.

Mboni ya kampani inali mlamu wawo weniweni, mng'ono wa malemu amuna awo, yemwe anali mlonda pachipata cha mgodi. Analowa atavala yunifolomu yomukulira, maso ali pansi. Atalumbira, anati inde, anawaona akuzula chikhomo chimene chinali patebulopo.

"Poti mulibe loya, mufunseni nokha," anatero woweruza.

Amake Mapasa anaimirira n'kumangitsa nsalu yawo.

"Alamu, ine sindikukana, ndinazula ndi manja angawa. Koma tawauzani abwanawa, chinakhomedwa pati?"

"M'malire a kampani."

"Alamu, tandiyang'anani kuno. Pati?"

Loya anadzambatuka kuti aletse funsolo, woweruza n'kumukhazika pansi ndi dzanja. Mlonda uja anafinya chipewa chake.

"Pamanda a achimwene," anatero chapansipansi. "Cha kumutu."

"Anakhoma ndani?"

"Anachita kundituma. Ndine."

M'khoti monse munangoti wooo! Woweruza anamenya tebulo mpaka anthu anakhala chete. Kenako anati lamulo ndi lamulo, mayiwa avomera okha, ndipo poti akukana kulonjeza kuti sadzachitanso, belo palibe. Akadikira chigamulo ali m'ndende.

Mtima wa Amake Mapasa unawawa, koma misozi anaikaniza. Aliriranji pamaso pa loya? Wapolisi atawagwira mkono, anatembenukira mlamu wawo, amene ankasisima m'bokosi la mboni ngati mwana.

"Pukutani kumaso, alamu, ntchito ndiye yakutherani kale apa. Dzulo anzanu anakhomanso china pamanda paja. Popita kunyumba mudzere konko, mukazule."