Mazira a Esitere

Asanakwere minibasi ya ku Monkey Bay, Esitere anauza mkazi wa mchimwene wake chinthu chimodzi chokha: "Alamu, kwachita mitambo. Pa solapo musalumikizepo china, mazira anga angazizire."

Mlamu wakeyo, Jestina, anavomera. M'chipinda chodyera munali makina ofungatira mazira a nkhuku, omwe Esitere anagula atasiya ntchito yochapa kuhotela ku Makokola. Ankawasamala ngati khanda.

Koma Loweruka kunali ukwati wa mng'ono wake wa Jestina, diresi loti Jestinayo akavale lili makwinya okhaokha, makala atatha. Mumtima anati diresi limodzi silingaphe munthu. Analumikiza simbi yamagetsi. Asanamalize ndi kolala yomwe, inveta, bokosi lotumiza magetsi a sola m'nyumba, inalira tswii n'kuzima. Kafani ka m'makina kanaleka kuzungulira.

Anazula simbi, nadina batani la inveta. Inveta inayaka, n'kuzimanso. Anaimbira Nicholas, yemwe anawaikira solayo.

"Musaikakamize, mayi," anatero Nicholas. "Batire ikatsika kwambiri, inveta imadzizimitsa kuti batireyo isafe. Ndipo siyaka msanga ayi, imadikira moto ukwere ndithu, kupitirira pomwe inazimira. Isiyeni, dzuwa likawala idzuka yokha. Koma mwalumikizapo chiyani?"

"Palibe," anayankha Jestina. "Ndi mitamboyi basi."

Simbi anaibisa pansi pa bedi ikadali yotentha. Anafunditsa makinawo mabulangete onse a m'nyumba, natereka madzi pankhuni, n'kuwathira m'mabotolo omwe anawandandalika m'mbali. Kenako anangokhala pakhomo, maso kumwamba. Mwera unkawomba, mitambo osasuntha. Ankati akalowa n'kupisa dzanja pansi pa bulangete, n'kupeza kwazizira kuposa poyamba.

Dzuwa linatulukira chakumasana. Ngakhale pamenepo inveta inangokhala duu, mpaka Jestina anayamba kuipempha ngati munthu. Pomwe kagetsi kobiriwira kanayaka, Esitere n'kuti akutsika minibasi pamsewu.

Ataona mabulangete ndi mabotolo, Esitere anagwira pakamwa.

"Inazima? Mwera uwu! Alamu, chipanda inu ndikanalira lero. Mulungu akudalitseni."

Jestina anawerama n'kuyamba kupinda mabulangete aja.

Tsiku loswa litafika, anapiye sanakwane ndi theka lomwe. Mazira otsalawo awiriwo anakawataya kudzala. Limodzi linasweka, mkati muli kamwanapiye kakufa, nthenga zitamera kale. Jestina anayang'ana kumbali. Esitere anangopukusa mutu, nati batire ija yakalamba, ndipo Nicholas sabweranso pakhomo pano.

Madzulo ake Esitere anabwera ndi katoni kukhitchini.

"Awa ndi anu. Amene apulumukawa anapulumukira m'manja mwanu."

"Ayi alamu, sindingalandire."

"Mukakana ndikwiya."

Jestina analandira katoniyo. Anapiye ankalira m'katimo, akujompha zala zake. Anawaika pafupi ndi moto, nawathirira gaga, ndipo tsiku limenelo iye sanadye.