Madengu Awiri a Mango

Zipora, mayi wogulitsa zipatso mumsika wa Chinsapo, anali ndi lamulo limodzi: chowola sichigona m'dengu. Kukacha, asanasambe n'kumaso komwe, manja amakhala ali kale m'madengu, kusankha.

Ndiye mlongo wake Pemphani, wa kuyunivesite, anabwera ndi madengu awiri a mango. Anati dengu lina walipopera mankhwala ake, mafuta a nimu otsekeredwa m'timibulu tosaoneka ndi maso, tomwe timatulutsa mafutawo pang'onopang'ono n'kumapha chuku. Linalo sanalipopere. Anapempha kuti onse akhale m'shedi yamalata ya Zipora masiku khumi, osawakhudza, aphunzitsi ake adzaone. Mankhwalawo akapanda kugwira, zaka ziwiri za kafukufuku wake zalowa m'madzi.

Tsiku lachinayi, mango osapopera aja anayamba mawanga akuda. Zipora anapirira. M'mawa mwake ntchentche zinaitanizana, ndipo amayi a mabenchi oyandikana anamufunsa ngati wayamba kutcheza kachasu. Aa, Zipora ndi manyazi! Alendo ophunzira adzapeze zonunkha pamalo pake? Anachotsa owola onse n'kuikamo abwinobwino, ofanana kukula. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse, mtima uli mbee, ati akuthandiza mwana.

Tsiku lakhumi aphunzitsi anabwera awiri, pagalimoto. Anatembenuza mango, kununkhiza, kulemba. Mango a m'madengu onse awiri anali osalala ngati a m'sitolo. Wamkuluyo anafotokoza mofatsa kuti ngati osapopera sakuwola, palibe umboni woti mankhwala achita kanthu. Apa mpamene Zipora anazindikira. Zowola zija ndizo zinali umboni, ndipo iye anakhala akuzitaya kudzala ndi manja ake. Galimoto inanyamuka iye asanaulule.

Pemphani anakhala pa kreti, maso ali psuu.

"Pepani asisi, ndakutsekerani malo pachabe," anatero. "Ndimangofuna mango anu asiye kuwola."

Kupepesako kunamulasa Zipora kuposa kukalipiridwa. Anapita kuseri kwa shedi, n'kubwera ndi ndowa ya owola amene anachotsa m'mawawo, n'kuiika pamapazi pa mlongo wake.

"Umboni wako ndi uwu. Wina uli kudzala. Ndine ndimasinthitsa. Tigule ena uyambirenso."

Pemphani anayang'ana m'ndowamo, osakalipa. Kenako anafunsa kuti akawagula kuti, poti iye mwini Zipora ananena dzana kuti mango a chaka chino atha.